Mayina a Pansi pa Penti Wakuda

Zikomo apampando pondipatsa mpata. Abale anga, ena mwa inu mumandidziwa nkhope, ena munangomvapo phokoso langa muli patali. Ndine Wedisoni, wa kumpata kuja kwa Fort Lister, ndipo kwa zaka khumi ndinali mtsogoleri wa bandi ya Misomali. Ndaona amayi ena kumbuyoko agwira kale makutu. Musaope amayi, lero gitala ndasiya kunyumba. Ndangobwera ndi bolodi lakuda ili ndaliyedzeka pakhomali, ndipo ndikufuna muliyang'anitsitse pamene ndikulankhula.

Ndiyambe ndi chimene chimandiwawa, kuti ndisazungulire. Ndinalonjeza mlamu wanga Fanuwelo, mwamuna wa achemwali anga a Esinati, kuti maliro ake sadzayenda chinunu. Ndinamugwira dzanja polonjezapo. Maliro akewo anayenda chinunu, popanda nyimbo ngakhale imodzi, ndipo chinachititsa ndi botolo lomweli limene limatisonkhanitsa muno Lachitatu lililonse.

Bandi yathu inachokera m'thumba la jekete. Chinali chaka cha referendamu. Fanuwelo anagula jekete ya kaunjika pamsika wa pa Boma pano, ndipo atafika nayo kumudzi anapeza kaseti m'thumba lamkati, yopanda dzina, yopanda chithunzi. Titayiika m'wailesi tinkayesa kuti wailesi yawonongeka. Magitala ankalira ngati chigayo chikameza mwala, ng'oma zikuthamanga ngati zikuthawa moto, munthu akukuwa m'chizungu chosamveka. Amalume anga anati tizimitse tisanaitane ziwanda. Koma Fanuwelo anaweramitsa mutu, zala zikugunda pabondo. Mnzangayu anataya mayi ake ndi azing'ono ake awiri pa napolo uja, ndipo chichitikire zimenezo sankalankhula kwambiri. Kaseti itatha anati, "Wedi, phokoso ili ndimalimva m'mutu tsiku lililonse. Kani kuli anthu ena amene amalidziwa." Patapita nthawi mphunzitsi wina wa kusekondale ndi amene anatiuza kuti kunjako nyimbo zotere amati panki meto. Mpaka lero sindidziwa amene ankaimba m'kaseti muja.

Tinayamba anthu anayi. Ine ndinali pa gitala ndi mawu. Fanuwelo anali pa ng'oma, poti anakulira m'ng'oma za tchopa ndipo manja ake sankadziwa kutopa. Gomesi, mnyamata wamtali wa kwa Kaduya, anali pa besi, ndipo Lakisoni anali pa gitala lachiwiri. Magitala oyamba tinapanga ndi zigubu za mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga. Kenako tinapeza ampulifaya yakale yokhala ndi sipika yong'ambika, ndipo kung'ambikako n'kumene kunatipatsa kulira kwa m'kaseti kuja. Wokonza mawailesi atafuna kuimata, tinamuletsa. Batire la galimoto tinkalinyamula panjinga kukatchajitsa pa Boma.

Inali nthawi imene pakamwa pa anthu panali patangomasuka. Zimene makolo athu ankanong'ona, ife tinkazikuwa masana pamsika: feteleza wosafika, mlatho wosamangidwa, sukulu yopanda denga. Akuluakulu ankati ndi nyimbo za misala, koma achinyamata ankavina mpaka fumbi kuphimba matebulo a tomato. Nyimbo iliyonse inkayamba chimodzimodzi. Fanuwelo ankakweza timitengo take n'kutimenyanitsa kanayi, ndipo pa kachisanu tonse tinkagwera limodzi. Popanda kanayi kameneko palibe ankadziwa polowera.

Bolodi ili analipanga ndi Fanuwelo yemweyo, chaka chimene anakwatira achemwali anga. Analipaka penti wakuda, n'kulemba ndi penti woyera dzina la bandi pamwamba, pansi pake mizere inayi: mawu, ng'oma, besi, gitala, uliwonse ndi dzina la mwini wake. Tinkaliimika patsogolo pa ng'oma paliponse pamene taimba. Iye anati, "Alamu, anthu a m'kaseti aja sitikuwadziwa chifukwa sanalembe mayina. Ife tilembe." Chitini cha penti wakuda wotsalayo anandisungitsa ine, poti ndinali mtsogoleri.

Zakumwa zinabwera ndi kutchuka. Kulikonse kumene taimba, mwini malo ankatulutsa kachasu kuti oimba anyowetse kukhosi. Anzanga ankalawa n'kusiya. Ine ndinkati mawu anga amafuna moto kuti akande bwino, ndipo poyamba zinkaoneka ngati zoona. Botolo limodzi tisanayambe. Kenako limodzi tisanayambe, lina pakati. Kenako ndinayamba kumwa ngakhale tsiku lopanda zoimba, kuti ndikonzekere tsiku la zoimba. Mukuseka chifukwa nanunso munali ndi zifukwa zanu zokongola.

Woyamba kufufutidwa anali Lakisoni, ndipo iye sanandilakwire kanthu. Anadwala matenda aja amene ankatenga anzathu ambiri zaka zimenezo, anaonda, n'kumwalira mvula itangoyamba. Tsiku la maliro ake ndinali ndi matsire, sindinapite. Sabata yomweyo kunali msonkhano wa chipani china umene unafuna bandi, ndiye ndinatsegula chitini chija, n'kupaka dzina lake, n'kulemba la munthu wina pamwamba pake. Achemwali ataona anati, "Wedi iwe, dothi la pamanda silinaume, wapaka kale penti?" Ndinawayankha kuti bandi si maliro.

Wachiwiri anali Fanuwelo. Tinkaimba pa Boma pano, dzuwa lili pamutu, anthu atadzaza. Ndinali nditamwa kuyambira m'mawa, ndipo ndinaimba vesi imodzi katatu osazindikira. Nyimbo ili pakati, ng'oma zinasiya. Fanuwelo anadzuka, anatenga botolo langa pamwamba pa sipika, n'kulikhuthulira pansi anthu onse akuona. Sanakalipe. Anangoti, "Alamu, ng'oma zanga sizingathamangitse munthu amene akugwa." Anthu anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunandilowa m'mafupa. Titafika kumudzi, dzuwa lisanalowe, ndinaimika bolodi pabwalo la nyumba yake yomwe, n'kupaka dzina lake iye akuyang'ana ali pakhonde. Munthu amene anapeza kaseti, amene anapanga bolodi, amene anagula penti ndinkamupaka nayeyo. Anangolowa m'nyumba ndi timitengo take.

Kuchokera pamenepo dzanja linazolowera. Gomesi anapirira chaka china, koma tsiku lina anakana kundinyamula panjinga ndili ndi chigubu cha kachasu pamiyendo, ndiye penti. Tinatenga mtsikana wa mawu amphamvu dzina lake Chikondi, amene anatikweza mpaka anthu a ku Mulanje ndi ku Limbe anayamba kutiitana. Tsiku lina anandiuza kuti ndikununkha pa maikolofoni, ndiye penti. Oimba ng'oma okha anadutsapo asanu ndi mmodzi pambuyo pa Fanuwelo. Wina anakhala miyezi iwiri, wina masabata atatu, wina ndinamuchotsa dzina lake lisanaume n'komwe. Lamulo langa linali limodzi, ngakhale sindinkalitchula: aliyense wonena za botolo achoke. Anthu pamsika anayamba kubwera msanga kudzawerenga bolodi, n'kumafunsana kuti lero wafufutidwa ndani. Ine ndinkanyada kuti anthu amabwera n'kupita koma Misomali ndine. Paja samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Nkhwangwa yanga inafika chaka chotsatira njala ija. Nthawi imeneyo gitala lachiwiri linali m'manja mwa Dalitso, munthu wodekha, wosamwa, amene ankasunga zida kunyumba kwake chifukwa ine ndinali nditayamba kuzitaya m'njira. Loweruka lina ndinafika pamsika mochedwa, ndikudzandira, n'kupeza nyimbo zikulira kale. Dalitso anali pa maikolofoni yanga. Ndinayang'ana bolodi, ndipo pamzere woyamba, pamene dzina langa linakhala zaka khumi, panali penti wakuda wonyezimira, wosauma bwino. Ndinakuwa kuti bandi ndi yanga. Dalitso anadikira nyimbo ithe, n'kunena mwaulemu, "Akulu, tatsata malamulo anu omwe. Chitini chinali m'chikwama cha zida." Bandi inapitirira popanda ngakhale mmodzi wa anthu amene anaiyambitsa, ndipo kunena zoona inkaimba bwino kuposa kale. Posakhalitsa anasokesa nsalu yolembedwa bwino, bolodi n'kulisiya.

Zimene zinatsatira mukuzidziwa, sindikuphunzitsani. Mkazi wanga anatenga ana kubwerera kwawo. Kumudzi ndinachita manyazi, ndiye ndinkagona kuseri kwa shedi ya okonza njinga pa Boma pano, n'kumapopa matayala kuti andigulire kapu. Manja amene ankathamanga pa waya anafika polephera kumanga batani la malaya m'mawa ndisanamwe. Anthu amene kale ankavina nyimbo zanga ankandiuza kuti ndikuwe ngati kale andipatse chotsalira m'botolo, ndipo ndinkakuwa.

Ndili m'moyo umenewo, achemwali anabwera kudzandifuna. Anandipeza nditakhala pa tayala. Sanandikalipire. Anati, "Alamu ako akukufuna. Usachedwe, sakhalitsa." Ndinali ndisanalankhule ndi Fanuwelo zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndinamupeza atagona pamphasa pakhonde lomwe lija, atatsala mafupa okhaokha, koma maso ali omwewo. Anandiuza kuti ndikhale pafupi chifukwa mawu sankatuluka bwino. Nkhani yake inali iyi. Zaka zimene tinkaimba m'malo a mowa, mpingo wake unamudula. Atachoka m'bandi anakhala nthawi yaitali osapita, kenako anayamba kalasi yoti abwerere, koma matenda anamugwetsa asanamalize. Akulu a mpingo anamuyendera, anapemphera naye, koma anamuuza mosabisa kuti lamulo ndi lamulo: akapita asanabwezeredwe, kwaya sidzaimba.

"Alamu," anatero, "imfa sindikuiopa. Koma ine ndaimba ng'oma moyo wanga wonse. Mayi anga anapita ndi madzi, sitinawaimbire, sitinawaone n'komwe. Ine ndisapite chinunu. Mukatenge Gomesi, mukatenge Chikondi, mudzandiperekeze ndi nyimbo zathu zomwe zija, ngakhale anthu adzati ndi misala. Koma mudzabwere muli bwinobwino."

Ndinagwira dzanja lake, lopepuka ngati phesi, n'kulumbira. Ndinalira ndithu, ndipo misozi inali yeniyeni. Achemwali anali pakhomo akumva zonse. Pochoka pamenepo ndinalunjika kwa mayi wina wotcheza kachasu, kuti ndikatonthoze mtima.

Mulungu anandipatsa miyezi itatu. Miyezi itatu, abale anga, ndipo kwa Kaduya ndi pafupi, munthu umapita ndi kubwera tsiku lomwelo. M'mawa uliwonse ndinkati lero ndipita kwa Gomesi. Kenako ndinkaganiza nkhope imene akandiyang'ane nayo, ndiye ndinkati ndimwe kaye kamodzi kochotsa manyazi. Kamodziko kakalowa, ulendo unkasanduka wa mawa. Sindinapite kwa Gomesi, sindinapite kwa Chikondi, ndipo kwa wodwalayo sindinabwererenso.

Uthenga unandipeza Lachiwiri m'mawa, kuti Fanuwelo wapita ndipo mwambo uli mawa lake masana. Ndinadziuza kuti palibe kanthu, ndikaimba ndekha. Ndinabwereka kagitala ka chigubu, ndinasamba, ndipo tsiku lonselo sindinamwe. Lachitatu ndinanyamuka wapansi kulowera kumpata. Pofika pakati pa njira manja anayamba kunjenjemera moti gitala linkagunda m'nthiti. Ndinayesa kugwira waya, zala zinakana. Ndiye mawu aja anabwera, mawu amene nonse muno mumawadziwa: ukaimba bwanji ndi manja otere, imwa kapu imodzi yokha chifukwa cha malemu. Panali nyumba ina pafupi ndi njira, ndipo ndinkaidziwa bwino.

Ndinadzidzimuka ndili chigonere m'munda wa chinangwa, nkhope ili m'dothi, dzuwa litapendeka. Chimene chinandidzutsa si phokoso. Ndinamva mapazi. Mapazi ambiri, akuyenda pang'onopang'ono panjira ya kumanda imene inadutsa m'mphepete mwa mundawo. Ndinasuzumira pakati pa mitengo ya chinangwa n'kuona bokosi lili pamapewa a anthu. Panalibe nyimbo. Ndinkamva kukhwekhwereza kwa masilipasi, wina akutsokomola, khasu likugunda pa fosholo. Achemwali anali kumbuyo kwa bokosi, amayi awiri atawagwira m'mikono, ndipo ankatembenukatembenuka kuyang'ana njira yochokera ku Boma. Ndinamva pambuyo pake kuti anachedwetsa mwambo maola awiri, akuuza anthu kuti mchimwene wanga akubwera ndi oimba.

Ndinali pamtunda woti ndikanatha kuponya mwala n'kugunda bokosi. Gitala linali pambali panga. Ndikanatha kudzuka, ngakhale woledzera, n'kukuwa vesi imodzi. Sindinadzuke. Ndinakanikiza nkhope m'dothi kuti asandione, mpaka mapazi aja anatha. Pa zonse zimene ndinachita m'moyo wanga, ichi ndiye chimene sindinachipezere chifukwa.

Tsiku lachitatu, tsiku lometa ndi kugawa katundu wa malemu, ndinapita. Musaganize kuti kunali kulimba mtima. Ndinkafuna kuti wina andimenye, mwina mtima ukanapepuka. Palibe anandimenya. Anthu anangosuntha pamphasa kundisiyira malo aakulu kuposa amene ndinkafuna. Abale a Fanuwelo anatulutsa zovala, nsapato, makasu, jekete ya kaunjika ija, n'kumagawana mwamtendere. Pomaliza achemwali analowa m'nyumba n'kutuluka ndi bolodi ili. Ine sindinkadziwa kuti Dalitso atalisiya, Fanuwelo anatuma munthu kukalipempha, ndipo linkakhala pansi pa bedi lake.

Achemwali analiika patsogolo panga. Chibadwire changa ankanditchula kuti Wedi iwe, poti anandibereka kumsana ndili khanda. Tsiku limenelo anati, "Achimwene, ichi anati ndi chanu. Tengani." Ulemu umenewo unandipweteka kuposa mbama.

Ndinayang'ana bolodi. Mizere itatu yapansi inali ndi mayina a anthu a Dalitso. Koma pamzere woyamba, pamene anandipaka paja, penti wakuda anali atapalidwa. Dzina langa linkaoneka lonse, WEDISONI, loyera, lokandikakandika m'mbali. Ndinafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Achemwali anati, "Miyezi itatu imene ankakudikirani ija, ankapala ndi chidutswa cha botolo, pang'onopang'ono, chilembo chimodzi n'kupuma. Ndinkamuuza kuti apale lake, poti lili pansi pomwepo. Ankati lake lakwiririka kwambiri, mphamvu zake sizingafikeko, koma la alamu lili pafupi, likhoza kutuluka."

Abale anga, sindinaone kuwala kulikonse, sindinamve mawu ochokera kumwamba. Ndinangokhala pamphasa paja ndikuyang'ana zilembo zisanu ndi zitatu zimene munthu wakufa anazikumba ndi manja onjenjemera kuposa anga. Ine ndinamufufuta ndi mkono umodzi, mphindi imodzi. Iye anatha masiku ake omaliza akundifukula. Ndinanyamula bolodi pamutu n'kupita kunyumba ya amalume, ndipo ndinawapempha kuti anditsekere m'chipinda.

Tsopano ndinene zimene ndinachita, poti mwina wina zimuthandiza. Masiku oyamba musawapeputse. Ndinanjenjemera, ndinasanza, ndinaona zinthu zoyenda pakhoma, ndipo tsiku lachitatu amalume anachita kundikweza pa kabaza kupita nane kuchipatala cha pa Boma. Adokotala anandiuza kuti munthu amene wamwa zaka zambiri akasiya mwadzidzidzi payekha akhoza kufa. Ndiye ngati mwafika pamene ndinafika ine, yambirani kuchipatala, musachite manyazi. Nditatuluka ndinasintha njira. Nyumba zonse zotcheza kachasu ndinkazidziwa ngati mano anga, ndiye ndinkazungulira ngakhale ulendo utalike kawiri. Ndinkadya m'mawa ndisanatuluke, chifukwa njala ndi ludzu la mowa zimabwera zitavala malaya amodzi. Ndipo ndinafuna ntchito yotopetsa thupi. M'mawa uliwonse ndinkapita kumunda wa achemwali kukalima, osapempha, osalankhula. Iwo ankandipeza kumeneko, n'kuyamba mzere wawo kumapeto ena a munda.

Masana ndinkakhala ndi bolodi. Ndinatenga chidutswa cha botolo, ngati chimene timapalira mipini, n'kuyamba kupala. Vuto lake linali lakuti kuti ufike pa dzina lapansi uyenera kuwononga lapamwamba. Ndiye ndinagula kope la ana asukulu, ndipo dzina lililonse likatuluka ndinkalilemba m'kope ndisanapitirire. Anatuluka mayina khumi ndi asanu ndi anayi. Ena ndinali nditawaiwaliratu, ndinkachita kufunsa anthu kuti kodi uyu anali ndani. Asanu ndi mmodzi anali atamwalira. Dzina la Fanuwelo linali pansi penipeni pa mzere wa ng'oma, pansi pa anthu asanu ndi awiri kuwerengera ndi wa Dalitso, ndipo linanditengera masabata atatu. Ndi ili apa, m'zilembo za dzanja lake lomwe.

Kenako ndinayamba kuyenda, dzina limodzi pa sabata. Kwa omwalira ndinkapita kwa abale awo. Mayi a Lakisoni ananditengera kumanda n'kundionetsa pamene anagona, ndipo ndinazula udzu. Kwa amoyo ndinkanena chinthu chimodzi chokha: ndinakuchotsa chifukwa unanena zoona. Musamapite kukapepesa kuti inu mumve bwino. Ena anandithamangitsa, ndipo anali ndi ufulu wotero. Gomesi ananditsekera chitseko kawiri. Ulendo wachitatu anatuluka, anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kundinunkhiza ngati mbuzi. Anati, "Iwe, maliro ndinamva mochedwa, ndipo palibe anandiuza kuti ankandifuna. Ukanangotuma mwana, ndikanabwera ndi besi pamutu." Anakhala pansi pakhonde n'kulira, munthu wamkulu wamtali uja. Chikondi ndinamupeza akugulitsa tomato. Anati mawu ake anawapereka ku kwaya, zamisala anasiya, ndipo anandiuza kuti ndisatchinge makasitomala.

Ndisakunamizeni kuti ndinayenda mowongoka. Mwezi wachisanu ndinagwa, tsiku limene Chikondi anandibweza. Ndinamwa masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinadzuka n'kupita kumunda, ndipo achemwali anangondiyang'ana m'maso ofiirawo. Kuno kwathu timadziwa kalongonda. Sumuphika kamodzi n'kudya, amakuzunguza mutu. Umawiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, kutayanso. Ine madzi anga ndikutayabe, ndipo chino n'chaka chachinayi chigwereni komaliza.

Patatha zaka ziwiri chimwalirireni Fanuwelo, abale anamanga chiliza chake, titakolola. Ndinapempha achemwali kuti tidzaimbe tsiku lochivundukula. Anati, "Zili kwa inu, achimwene. Ine sindiuzanso anthu kuti adikire."

Tinafika msanga. Gomesi anabwera ndi besi yake yakale. Dalitso anatibwereka ampulifaya ndi batire, n'kuzinyamula yekha. Anthu atakhala kale pansi, ndinaona mayi wina akutsika pa kabaza ndi dengu la tomato, ndipo anali Chikondi. Sanandipatse moni, anangoima pambali panga. Dalitso anati woimba ng'oma wawo alipo, akhoza kutithandiza, koma Gomesi anakana. Anati malo amenewo lero ali ndi mwini wake. Tinaimika bolodi pafupi ndi chiliza, kumbuyo kwake kulibe munthu.

Mwini mbumba atatipatsa mpata, ndinagwira gitala, manja ali phee. Ndinayang'ana Gomesi, Gomesi anayang'ana ine. Palibe anayamba. Tonse tinkadikira timitengo tija kanayi, ndipo panalibe wotimenya. Zaka zonse zija sindinaphunzire kulowa m'nyimbo popanda iye. Manda onse anali zii, anthu akuyang'ana pansi, ndipo ndinamva mapazi aja a m'munda wa chinangwa akubwerera m'makutu mwanga. Ndinati basi, zachitikanso.

Achemwali anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, pambali pawo pali ndowa yopanda kanthu imene amisiri ankatungira madzi. Anaikokera pafupi, anaivundikira, n'kuimenya ndi chikhatho kanayi, pa liwiro lenileni la mwamuna wawo. Pa kachisanu tonse tinagwera limodzi. Mbalame zinathawa m'mitengo, agogo ena anagwira makutu, koma palibe anachoka. Chikondi anaimba misozi ikutsika. Achemwali anamenya ndowa mpaka nyimbo kutha, osaphonya, poti anamva munthu uja akugunda pa mabondo ndi pa zitseko zaka zonse za ukwati wawo.

Anthu akubalalika, ndinapita kukagwada pafupi nawo. Anapukuta chikhatho pa chitenje, chinali chitatupa. Anati, "Wedi iwe, vesi yachiwiri unathamanga. Akanakutukwana." Kanali koyamba kunditchula choncho chichokere tsiku lometa lija, ndipo mtima wanga unadumpha ngati wa mwana. Kenako anayang'ana chiliza n'kunena motsitsa mawu, "Mwaimba bwino. Koma ndamva ndine. Iye sanamve."

Mowa ndinasiya, ana anga amabwera kudzandiona, Gomesi ndi ine timaimba mwa apo ndi apo. Zonsezo ndi zabwino ndipo ndimathokoza. Koma Fanuwelo anapempha chinthu chimodzi, tsiku limodzi, ndipo tsikulo silibwereranso ngakhale nditakhala zaka makumi anayi osalawa dontho.

Ndiye inu amene mwakhala muno mukuti mudzasiya mukakonzeka, ndikufunseni. Ndani amene akutembenukatembenuka kuyang'ana njira, akuuza anthu kuti dikirani pang'ono, akubwera? Mukumudziwa, dzina lake lafika kale m'mutu mwanu. Wanga anadikira miyezi itatu ndi chidutswa cha botolo m'manja. Wanuyo akadali moyo, makutu ake akumva. Tikatuluka muno musadzere njira ija mumadzera. Apampando, ine ndathera pomwepa.